Envulopu ya Alamu Inati Adikire

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino. Bondo lija likumaumabe m'mawa? Nanga bambo anapita kukaonetsa maso, kapena akunenabe kuti vuto ndi nyuzi zamakono zolemba timalemba ting'onoting'ono? Ine ndili bwino, kupatula chimfine chimene chazungulira ofesi yathu yonse. Khanda la achimwene likukula, layamba kuseka, ndipo chipumi ndi cha bambo chenicheni.

Azakhali anandiimbira foni Lamlungu. Anati mwakhumudwa nane, mukuti sukulu yandiumitsa mtima, chifukwa ndili pantchito yothandiza amayi ovutika maganizo koma mlamu wanga weniweni, mkazi wa achimwene, ndamusiya pamzere. Pafoni sindikanatha kufotokoza, mukuwadziwa azakhali, salola munthu kumaliza chiganizo. Ndiye ndati ndilembe.

Amayi ena akabereka amagwidwa ndi chisoni chosadziwika mutu wake. Tulo sabwera, chakudya sachifuna, amalira popanda wowalakwira. Si ulesi, ndi matenda. Ife tikufufuza ngati kukumana m'kagulu sabata iliyonse, pamodzi ndi mlangizi wophunzitsidwa, kumawathandiza. Ndikuti "ngati" chifukwa sitikudziwa. Tikanadziwa, sipakanakhala kafukufuku. Ambiri amachira okha pakapita nthawi, choncho mayi mmodzi akapeza bwino sitinganene kuti yamuchiza ndi misonkhano. Timafunika amayi ambiri, ndiponso ena owafananitsa nawo.

N'chifukwa chake timawagawa pawiri. Gulu loyamba limayamba misonkhano pompano. Lachiwiri limalandira chithandizo cha masiku onse cha kusikelo, ndipo lidzayamba misonkhano kafukufuku akatha. Wogawa si ine, si abwana anga. Kompyuta imachita maere, zotsatira zake zimamatidwa m'maenvulopu, ndipo mayi akavomera kulowa, namwino amatsegula imodzi. Ya alamu inati adikire.

Taganizani mbewu yatsopano imene mukufuna kuiyesa. Mukaidzala pachulu, yakale n'kuidzala pamchenga, pokolola mudzati yabereka ndi mbewu kapena nthaka? Ifenso tikamasankha tokha, tingaike m'gulu loyamba amene tawamvera chisoni, okhala pafupi, ndi abale athu. Pamapeto magulu awiriwa adzasiyana, koma sitidzadziwa chawasiyanitsa. Ndiye zipatala zidzakhulupirira zabodza, n'kumazichita pa amayi ena masauzande.

Achimwene anabwera kuofesi atangotsika mu lole yawo, makiyi ali m'manja. Anaima pakhonde n'kundiuza kuti ndingosintha envulopuyo, palibe adzadziwe. Ndinawauza kuti ndikasinthira wanga, mawa namwino asinthira wake, ndipo ntchito yonse yathera pomwepo. Iwo anati ankandikweza panjinga popita kusukulu, lero malipiro ake ndi amenewa. Tiyi ndinawathirira sanamukhudze. Sindikuwaimba mlandu, akuopa.

Ngakhale ndikanafuna, sindikanatha. Tsiku limene ndinaona alamu pabenchi yakusikelo ndinauza abwana kuti ndi m'bale wanga, monga malamulo athu amanenera. Amene amawafunsa mafunso ndi mnzanga wina. Mayankho awo alibe dzina, ali ndi nambala, ndipo kiyi wa kabati yake sakhala ndi ine. Choncho musandifunse zimene anayankha. Sindikuzidziwa, ndipo ndikanazidziwa sindikanakuuzani, monganso sindikanaulula zanu.

Chimodzi chikukhazikeni mtima pansi. Pali komiti imene imayang'anira kuti tisavulaze anthu pofuna kudziwa zinthu. Inatilamula kuti mayi aliyense amene akuoneka kuti angadzivulaze, kaya ali m'gulu liti, apite kwa dokotala tsiku lomwelo. Aliyense alinso ndi ufulu wotuluka nthawi iliyonse, ndipo chithandizo chake sichichepa. Alamu ndinawakumbutsa zimenezi. Anati akhalabe, mwina zidzathandiza wina.

Mavuto ena ndi ang'onoang'ono. Denga la ofesi likudontha pamwamba penipeni pa makina osindikizira, moti tawafunditsa pepala lapulasitiki ngati wodwala malungo. Komanso poyamba tinkafunsa amayi kuti ali bwanji, ndipo onse ankati ali bwino, ngakhale amene misozi inali m'masaya. Munthu waulemu sadandaula kwa mlendo. Tsopano timafunsa ngati anagona, ngati anadya, ngati anasekapo sabata imeneyo, ndipo zoona zimatuluka.

Zimene ndilembe pano sindinazione monga wakafukufuku, ndaziona monga mlamu, ndipo eniake andilola kukuuzani, bola zisafike kwa azakhali. Achimwene amakhala pamsewu pafupifupi sabata yonse. Alamu amatsala okha m'chipinda chija cham'mwamba, matewera ali pachingwe chodutsa pawindo, katani yosatsegula mpaka masana. Mwana amamusamala bwino, ndi waukhondo, akuyamwa. Koma iwo aonda, ndipo mwana akagona amangokhala pabedi kuyang'ana khoma. Nditawafunsa chifukwa chimene sayankhira foni yanu, anati akuchita manyazi. Anati inu munalera ana asanu osadandaula, ndiye mudzawaona ngati mkazi wolephera. Ndinawauza kuti kudandaula mumadandaula ndithu, ife ndife mboni. Anaseka pang'ono.

Pempho langa ndi limodzi, Amayi. Bwerani mudzakhale nawo. Achimwene akuti angakutengeni pobwerera ulendo wawo wotsatira, mpando wakutsogolo ndi wofewa, bondo silivutika. Musabwere ndi malangizo, awamva ambiri. Mudzangonyamula mwana kuti iwo agone, mudzatsegule katani, ndipo akalira musawafunse chimene akulirira. Ine ndimapitako ndikaweruka, koma madzulo okha sakukwana.

Ndinauza abwana kuti ndikukuitanani. Anakanda mutu, n'kunena kuti alamu akachira chifukwa cha inu, gulu lodikira lidzaoneka ngati likuchita bwino palokha, ndipo kusiyana kwa magulu kudzachepa pang'ono. Anati tidzalemba zoona zake m'lipoti, koma palibe kafukufuku amene ali ndi mphamvu yoletsa munthu kusamalidwa ndi abale ake. Envulopu sindingaisinthe, Amayi, koma manambala athu mwaloledwa kuwasokoneza. Bwerani mudzawasokoneze kwambiri.

Mundiperekere moni kwa bambo, kwa achemwali ndi ana awo, kwa amalume, ndi kwa azakhali, amene muwauze kuti sindinakwiye.

Ndine mwana wanu,
uja mumamutcha Mafunso