Odi wa Apongozi Tsiku la Mayeso

Ntcheu Boma,
14 Juni, 2022.

Okondedwa achimwene a Silvester,

Ndisanafunse za moyo wanu, ndiloleni ndiike pamwamba zinthu zofunika kuti zithe msanga, chifukwa mukundidziwa, ndikaziika pansi ndidzayamba kuda nkhawa kuti simunazione. Choyamba, ndakhala ndikukunamizani kuyambira chaka chatha ndipo ndikupempha mundikhululukire. Chachiwiri, apongozi anga aNangozo ali kunyumba kuno ndipo abwerera ku Kandeu Lamlungu la pa 26, ndiye tatsala ndi masiku khumi ndi awiri okha. Chachitatu, kuseri kwa khitchini kuli tambala amene ndamutsekera payekha, ndipo zoti aphedwe kapena ayi zikudikira mawu anu monga nkhoswe yanga. Za mayeso ndinena pamalo pake. Chonde musadumphe mizere kuti mukaone kumapeto.

Tsopano muli bwanji ku Karongako? Nanga alamu a Sheila ndi ana? Kuno tonse tili bwino, kungoti chisanu cha chaka chino chalusa, m'mawa zala zimachita kukana kugwira sikuludiraiva. Ndikanatha kuimba foni, koma inu mumandidula mawu ndi kuseka ndisanafike pamutu wa nkhani, komanso za ukhoswe sizikambidwa uli pamsewu. Kalatayi ndapatsira mnzanga wa kuntchito amene akubwera kumeneko mawa.

Bodza lija ndi ili. Nthawi zonse mukandifunsa za mayeso a ukatswiri wa manetiweki ndimakuuzani kuti asuntha tsiku. Palibe anasuntha tsiku, achimwene. Ndinalemba kawiri, ndipo kawiri konseko ndinabwerako chimanjamanja.

Mukudziwa kuti bungwe lathu la alimi lalumikiza makompyuta a ofesi ya paboma ndi a ku Lizulu, ku Biriwiri ndi ku Kandeu. Mawaya onsewo ndinakoka ndine, madenga onsewo ndinakwera ndine, zaka khumi ndi zitatu. Koma bwana wathu a Gibson anandiitana n'kundiuza kuti abodi agwirizana zoti woyang'anira netiweki yonseyi akhale ndi satifiketi ya mayeso amenewa pofika pa 30 Juni. Kupanda apo atenga munthu wochokera ku Lilongwe, ine n'kumamunyamulira makwerero. Ananena mwaulemu, koma ndinamva.

Mayesowa si amasewera. Mafunso zana limodzi m'maola awiri, ndipo ukayankha funso n'kupitirira, sungabwererenso kukalikonza. Ganizani, munthu ngati ine amene ndimabwerera kawiri kukaona ngati ndakhoma chitseko! Ena mwa mafunsowo amakupatsa netiweki yowonongeka kuti upeze podwala. Zili ngati akupatseni malole a kachewere ochokera ku Lizulu, akuuzeni kuti mlatho umodzi wakokoloka koma osakuuzani uti, inu mupeze njira yoti katundu yense afike ku Blantyre asanaole. Kuti ukhoze pamafunika mapointi 825 mwa 1000. Ulendo woyamba, mu Okutobala ku Lilongwe, ndinapeza 771. Ndinakhala padepoti mpaka mabasi awiri kundisiya, ndikungobwereza mumtima mafunso amene ndinathamangira.

Ulendo wachiwiri, mu Febuluwale, ndinasankha kulembera kunyumba. Masiku ano amalola, bola kamera ya kompyuta ikhale yoyatsa. Kutsidya kwa nyanja kumakhala munthu amene amakuona ndi kukumva, iwe osamuona. Malamulo ake ndi okhwima: m'chipinda musalowe munthu, usadzuke pampando, usayang'ane kumbali, usalankhule ndi aliyense. Zinkayenda bwino kwambiri, ndinali pafunso la 63 ndipo mtima unali m'malo. Kenaka panja ndinangomva, "Odi kunoko!" Anali a Lazarus, mkulu wa mpingo uja woyandikana nafe. Achimwene, sindinaganize n'komwe. Pakamwa panangodzitsekukira pokha: "Odini, fikani!" Pasanathe mphindi, pakompyuta panabwera uthenga woti ndalankhula ndi munthu, mayeso athetsedwa.

Nditatuluka a Lazarus anandiyang'ana nati, "Bwanji nkhope yagwa chonchi a Chrispine, kwagwa zovuta kumudzi? Ine ndimafuna mundibwerekeko wilibala." Ndinawabwereka. Ndikanatani, munthu sanalakwe, wolakwa ndi mayi amene anatilera kuti odi sagonera panja.

Nkhaniyi ndinauza Esnath yekha, ndipo ndinamulumbiritsa kuti isatuluke m'nyumba. Mkazi wangayu anaseka mpaka misozi, kenaka anati andiphunzitsa. Kwa milungu itatu ankangoti ndikakhala phee ndi mabuku, iye kuseri kwa chitseko, "Odi!" Nthawi zina ndi mawu a mwamuna, nthawi zina a nkhalamba. Ndikayankha, mbale za tsiku limenelo ndimatsuka ndine. Mlungu woyamba ndinatsuka kasanu. Wachitatu sindinagwire mbale.

Ulendo wachitatu, womwenso unali womaliza tsiku la a Gibson lisanakwane, ndinauika Lachisanu lapitali 9 koloko m'mawa, nthawi imene Esnath amakhala akuphunzitsa ndipo mwana wathu Tisunge ali kusukulu. Ndinakonza zonse. Batire lodzaza kuopa magetsi, mafoni awiri a makampani osiyana kuopa intaneti, ngakhale tiyi sindinamwe kuopa kufuna kudzuka. Ndinalemba zikwangwani ziwiri zoti musagogode ndipo musaitane, china pageti, china pachitseko cha kumaso. Ndinaiwala zinthu ziwiri zokha: tambala wathu, ndi kanjira ka kuseri kodzera kudimba, kamene amayi onse achibale amalowera.

Pafunso la 20 tambala anabwera pansi pa zenera penipeni n'kulira ngati walipidwa. Woyang'anira uja analemba kuti wamva phokoso, ndiwonetsetse kuti kuli bata. Ndinapitiriza. Pafunso la 31 ndi pamene ndinamva mawu kuseri kwa nyumba.

"Odi! Odi kuno kwa bambo a Tisunge!"

Mawu amenewo ndikhoza kuwazindikira ngakhale pakati pa msika wa Lizulu. Apongozi anga. Inu mukudziwa mmene timakhalira ndi mayi amenewa. Zaka khumi ndi chimodzi chikwatire mwana wawo, sitinayang'anizanepo maso, sitinakhalepo pamphasa imodzi. Tikakumana panjira ine ndimapatukira kutchire, iwo n'kutembenukira kumbali. Moni wathu amadzera mwa Esnath. Koma odi wawo yekha ndimayankha ndili kuseri kwa chitseko, ndipo sindinawachedwetsepo ngakhale kamodzi. Lilime linanyamuka, achimwene. Ndinaliluma.

"Odi!" Kachiwiri, pafupi ndi zenera tsopano. Chithunzithunzi chawo chinagwera pakatani, ndipo kataniyo ili ndi mpata umene ndakhala ndikunena kuti ndidzakonza. Ndinadziwa kuti akundiona, mkamwini wawo ali tsonga pampando, wamoyo, wakumva, osayankha. Woyang'anira analembanso kuti wamva mawu a munthu, ili ndi chenjezo lomaliza. M'chisanu chonse chija thukuta linkatsika mumsana ngati ndikulima mu Novembala.

Kenaka kunangoti zii. Batalo linandiwawa kuposa odi uja. Mumtima ndinkawaona akubwerera ku Kandeu, akufika kwa malume ake a Esnath, akunena kuti mwamuna wa kuboma uja sukulu yamuzunguza mutu. Ndinataya mphindi zitatu ndikuwerenga funso limodzi osamva kanthu. Pamapeto pake ndinadziuza kuti mlandu ndapalamula kale, kulephera mayeso sikuufafaniza, bola ndikagwade pabwalo ndili ndi satifiketi m'thumba. Ndinayamba kuyankha.

Chinandidabwitsa n'chakuti kuchokera pamenepo sindinamvenso kanthu. Tambala osalira, amayi ogulitsa tomato amene amakuwa pageti nthawi imeneyo osamveka. Chikhalire pamalo pano sindinamvepo bata lotero. Funso lovutitsitsa, la maofesi anayi amene awiri sankamvana, ndinalipeza podwala ngati ndili ku Biriwiri pantchito yanga ya masiku onse. Ndinamaliza kutatsala mphindi zinayi. Asanakuonetse zotsatira amayamba akufunsa ngati wakhutira ndi mmene akuchitira, tangoganizani nkhanza zake. Ndinadina zilizonse, ndinatsinzina, n'kutsegula diso limodzi.

838. Achimwene, ndakhoza! Mng'ono wanu ndakhoza!

Ndinafuna kukuwa, koma ndinakumbukira mlandu wondidikira panja. Ndinatsegula chitseko cha kuseri pang'onopang'ono. Apongozi sanapite. Anali atakhala pansi pakona ya nyumba, pamalo poti akutha kuona geti ndi kanjira ka kudimba nthawi imodzi, atafulatira khomo. Pambali pawo thumba la kachewere. M'khwapa mwawo tambala uja atamukulunga m'chitenje, mutu wokha uli kunja, zala ziwiri zitamugwira mlomo. Kunja kwa geti kunali wilibala yanga, ndipo kutsidya kwa msewu a Lazarus atakhala pamwala, manja pachifuwa, pamodzi ndi amayi awiri a tomato, onse duu ngati ali pamaliro.

Ndinagwada pakhomo nditayang'ana khoma. Esnath panalibe, ndiye tilankhulana bwanji? Apongozi anatsokomola, n'kuweramira tambala uja.

"Iwe tambala, tawafunsa bambo a Tisunge. Zija zatheka, kapena tigwirebe mlomowu?"

Ine ndili chigwadire ndinati, "Tambala, uwauze agogo kuti zatheka. Ndakhoza, ndapyola malire ndi khumi ndi atatu."

"Uwafunse, khumi ndi atatuwo ndi ambiri kapena ochepa?"

"Uwauze kuti ndi okwana."

Nthungululu imene anaimba mayi amenewa inamveka mpaka kumsika. Tambala anapulumuka n'kuthawira kudimba. Amayi a tomato analandira nthungululuyo osadziwa n'komwe chachitika, ndipo a Lazarus anaimirira nafuula, "Kodi tilankhule tsopano? Ine ndangobweza wilibala, koma mayi awa anditopetsa ndi chibakera cha m'mwamba ola lathunthu!"

Esnath atabwera masana zonse zinaululika. Lumbiro lija analiswa kalekale pa Pasaka, anawafotokozera mayi ake za a Lazarus ndi wilibala, ndi tsiku la mayeso achitatu lomwe. Lachisanu apongozi analawira m'mamawa ku Kandeu kuti adzakhale mlonda ndisanayambe. Njinga yamoto imene anakwera inaphulika tayala panjira, anafika mochedwa, ndipo wotchi alibe. Ankaganiza kuti sindinayambe. Esnath atawafunsa chifukwa chimene anaitanira odi pomwe ankadziwa nkhani yonse, anati, "Ndilowe pabwalo la eni chetechete ngati fisi? Ndinaitana monga munthu. Koma nditasuzumira n'kuona khosi lili nyowe ndi thukuta, ndinadziwa kuti nkhondo yayamba, ndiye ndinayamba ndi tambalayo."

Ndinamutuma Esnath kuti akandipepesere. Yankho linabwera loti palibe mlandu, akanakwiya ndikanayankha. Koma anawonjezera kuti odi wawo sanayankhidwebe, akadali chiimire pakhomo, ndipo iwo sabwerera naye ku Kandeu. Akuti akanena zimenezi amaseka, koma ine zandikhala pamtima.

Apa ndi pamene mukulowera inu. Ndikufuna kuwathokoza mayi amenewa ndi pakamwa panga, ndikuwayang'ana, osati kudzera mwa Esnath kapena nkhuku. Mukukumbukira mmene malemu bambo anachitira ndi agogo a kuchikazi, ankhoswe a mbali zonse atakhala pansi, nkhuku n'kuphedwa, mkamwini ndi apongozi n'kudyera limodzi, kuyambira tsikulo n'kumalankhulana momasuka. Ndikupempha mwambo umenewo. A Fanizo, malume ake a Esnath, avomera kale ndipo ati akhoza kubwera Loweruka la pa 25. Kwatsala mbali yathu. Ngati mungathe kubwera, basi ya Lachisanu imafika kuno bwinobwino, ndafunsa kawiri. Ngati ntchito sikulolani, tchulani munthu woti akuimirireni, koma mtima wanga ukufuna inu, chifukwa ndinu amene munandiperekeza ku Kandeu tsiku loyamba lija.

Kalata yotsimikiza zotsatira inafika dzulo. Ndaisindikiza katatu, imodzi ndapereka kwa a Gibson, amene anandigwira chanza nati makwerero ndipeze wondinyamulira. Ina ili m'sutikesi. Yachitatu Esnath anawapatsa mayi ake kuti aione, ndipo akana kubweza, akuti mapointi khumi ndi atatu aja ndi awo.

Mundiperekere moni kwa alamu, muwauze kuti nawonso ndinawanamiza ndipo ndikudziwa. Esnath akupereka moni, Tisunge akuti mumubweretsere mpunga wa kumeneko. Apongozi nawo amuuza Esnath kuti andiuze kuti ndikuuzeni kuti akupereka moni. Mwaona kutalika kwa njira imene moni wathu amayenda? Ine amene ntchito yanga ndi kufupikitsa njira za mauthenga, ya m'nyumba mwanga yandikanika zaka khumi ndi chimodzi.

Chonde yankhani msanga, ngakhale mzere umodzi pafoni kalatayi ikangofika. Tambala akulira m'khola, ndipo mawu anga a "odini" ndawasunga kuyambira Lachisanu, akundilemera pakamwa.

Ndine mng'ono wanu,
Chrispine.