Nkhuku ya Apongozi

Nsaru,
Lilongwe.
6 Malichi 2019

Okondedwa achemwali anga a Dainess,

Ndikhulupirira muli bwino ku Mzuzu kozizirako pamodzi ndi amayi, alamu ndi ana. Ine kuno ndilipo, ndikadali mwamuna wokongola kuposa onse kuyambira pa Nsaru mpaka ku Kabudula, kungoti kukongolako kwachepa m'mbali. Lamba ndachita kuboolanso ndi msomali. Ndalemba kalata m'malo moimba foni chifukwa pafoni mumandidula pakamwa, komanso mawu anga masiku ano akumanjenjemera okha ine osawatuma.

Zitini munatumiza zija zinafika, zikomo kwambiri. Paja adokotala a kuchipatala chachikulu m'tauni, atandilowetsa kamera kumene kamera siyenera kulowa, anati si TB ya m'mimba ngati mmene ankaganizira poyamba. Anati matumbo anga ndi otupa, ali ndi zilonda, ndipo pena pake afinyika ngati khosi la botolo. Dzina la matendawo ndi lachizungu, lilime langa linakana. Lamulo lawo ndi limodzi: kwa miyezi iwiri, chilichonse chotafuna chisalowe m'kamwa. Ngakhale phala, ngakhale thobwa, ayi. Ndi ufa wa m'zitiniwo basi, kusungunula m'madzi owiritsa n'kumamwa pang'onopang'ono tsiku lonse kuti matumbo apume. Ine Bester, mwini chiwaya cha pa Nsaru, amene ndinkamaliza mwendo wa mbuzi ndili chiimire uku ndikukazinga tchipisi, lero ndikuyamwa ngati khanda! Kakomedwe kake ngati mkaka umene mwasungiramo misomali.

Koma achemwali, zikugwira ntchito. Magazi aja asiya. Kuchimbudzi, kumene ndinatsala pang'ono kusamutsirako mphasa, tsopano ndikupitako ngati munthu. Dzulo ndinanyamula Tamara paphewa mpaka kudimba osapumira. Theka la ulendo ndadutsa.

Tsopano imvani zimene pakamwa panga pandichita. Tsiku lamsika ndinapita kukaona anzanga. Wina anati, "Iwe Bester, waonda chonchi bwanji? Kodi kwa akazi akowo sakuphika?" Ine, mukundidziwa, ndinati, "Akuphika, ndiye vuto lakelo. Kafunseni apongozi zimene amathiramo." Anthu anaseka mpaka wina anagwa ndi njinga. Inali nthabwala yabwino ndithu, mpaka lero ndikuti inali yabwino. Koma inafika kumudzi ine ndisanafike, ndipo kusekako kunatsala kumsika.

Ganizani nokha. Mkamwini waonda. Mbale ya apongozi akuibweza osaikhudza. Amuwotchera chimanga chachiwisi, wakana. Kenako akukalengeza pamsika kuti amamuthirira. Ngakhale ine ndikanakhala woweruza ndikanadzimanga. Pamaliro a sabata yatha, azimayi anawachotsa apongozi anga, a Nankhoma, pamoto, akuti akapume. Mayi amene wakhala akuphikira maliro onse a mudzi uno! Kumjigo akangofika, anzawo akumasuntha ndowa.

Lamulungu titaweruka kutchalitchi anandiitana. Panali a Benson, amalume ake a mkazi wanga Chrissy amenenso ndi ankhoswe ake, ndi amalume athu a Kenneth amene anachita kuwatenga ku Nambuma. Apongozi anakhala chapatali atatifulatira, monga mwa ulemu wake.

"A Bester," anatero a Benson, "kodi mlongo wangayu ndi mfiti?"

"Ayi bambo, ine ndinkangocheza."

"Nanga chakudya chake mukukana bwanji?"

Ndinafotokoza zonse, za kamera ndi za khosi la botolo, mpaka ndinakatenga chitini. A Benson ananunkhiza, n'kunyambita pang'ono ndi chala, n'kulavula.

"Munthu wandevu, miyezi iwiri, chimenechi? Chipatala chake chiti choletsa wodwala kudya? Wodwala timachita kumukakamiza kudya, eti anthuni?"

Onse anavomera. Ngakhale amalume athu enieni anagwedeza mutu, n'kundinong'oneza kuti, "Mphwanga, nkhani yakoyi ndi yovuta kuinyamula."

Apa apongozi analankhula osatembenuka. "Muwauze bambo a Tamara kuti ine ndawaphikira zaka zonsezi. Ngati ndinkafuna kuwapha, ndinachedweranji?"

Chigamulo ndi ichi. Loweruka la sabata yamawa apongozi apha nkhuku, aphika okha popanda wowathandiza, ndipo ine ndikadye pamaso pa ankhoswe ndi anthu a m'mudzi. Ndikakana, ndiye kuti ndatsimikiza kuti amandithirira. Nditenge bulangete langa ndizipita kwathu ku Nambuma. Tamara ndi Chancy atsala, paja ana ndi a kuchikazi.

Ndinapempha kuti adikire ndimalize kaye zitinizi. A Benson anati, "Ndiye mlongo wanga akhale mfiti mwezi wina wathunthu podikira mkaka wanuwo?" Ndipo kunena zoona, achemwali, sanalakwe kufunsa. Mayiyo wasiya kupita ku Mvano. Madzi akumatungiridwa ndi Chrissy.

Chrissy ali pakati ngati chingwe chokokana. Iye analipo pamene adokotala ankajambula matumbo anga papepala, anamva ndi makutu ake. Koma winayo ndi mayi ake omubereka. Lolemba anati, "Bambo a Tamara, mungoluma pang'ono, kachiwindi kokha." Atangotero anatuluka panja, ndinamumva akufwenthera kuseri kwa nkhokwe. Koma za pang'onozo sizingatheke. Anthu amenewa anandionapo ndikudya. Amadziwa kuti Bester akakhala pa nkhuku, agalu amagona ndi njala chifukwa ngakhale fupa silitsala. Ndikakangoluma kachiwindi ngati mkwatibwi, anena kuti taonani, akuopa. Mbiri imene ndinaimanga ndekha ndi mano angawa ndiyo ikundidikira pamphasapo.

Ndinaimbira foni anamwino amene amandiona kuchipatala kuja. Ndinayamba ndi kuwaseketsa, iwo sanaseke. Anati, "A Bester, mwina mukhoza kudya osaona kanthu. Mwinanso nyamayo ikhoza kukaima pofinyika paja. Ikaima, mimba itupa, muyamba kusanza, ndiye ndi opaleshoni tsiku lomwelo. Ine sindingakulonjezeni. Musadye." Ndinati abwere adzawauze a Benson zimenezo. Anati ku wodi asiya ndani.

Pali zina sindinakuuzeni za ku wodiko. Bedi loyandikana ndi langa panagona a Umali, telala wa ku Namitete, matenda ake ofanana ndi angawa. Tinkacheza kwambiri, anandilonjeza kuti adzandibwezera mathalauza onse kuti andikwane. Matumbo awo anatsekeka. Anabwerako ku opaleshoni ali ndi kathumba pamimba, ndipo anandionetsa okha atakweza malaya, ine n'kuyang'ana kudenga. Patapita masiku ndinapeza pabedi pawo pagona munthu wina. Sindinafunse. Mwina anawatulutsa, ali pa makina awo pano akusoka mayunifolomu. Ndikanatha kukwera njinga kukaona ku Namitete, si kutali. Sindinapite.

Chiyambire Lamulungu ndikumangogwiragwira pamimba, kumanja cha kumunsiku, kumvetsera ngati mlimi womvetsera mvula. Pakangolira pang'ono thukuta lonse kuti waa. Chancy anandipeza ndikugwiragwira pamimbapo n'kundifunsa ngati mukupweteka. Ndinamuuza kuti ndi mphamvu zachuluka, zikusowa kotulukira.

Ndaganiza, ndipo musayambe kukalipa musanamalize kuwerenga. Ndidya. Sindingakhale ku Nambuma n'kumaona ana anga ngati mlendo, ndipo mayi uja sanandilakwire kanthu. Ndikudziwa kuti zitini zanu mwina ndikuzitaya m'madzi, mundikhululukire. Ndidzatafuna pang'onopang'ono mpaka nyamayo isanduke phala m'kamwa, ngakhale dzuwa lilowe ndikadali pa ntchafu yoyamba.

Pempho langa ndi ili. Bwerani Lachisanu la sabata yamawa. Muwapemphe alamu galimoto ija, ndipo mukafika aiimike pafupi ndi nyumba, itayang'ana kumsewu, mafuta alimo. Asaiike kuseri, kuli matope. Musadzakangane ndi a Benson, ndikukudziwani. Mukhale mpaka Lolemba, chifukwa anamwino akuti zikavuta sizionekera pomwepo.

Mundiperekere moni kwa alamu, muwauze kuti pa bawo sanandigonjetsepo ndipo sadzatero. Moni kwa Cynthia ndi Pilirani, azilimbikira sukulu asadzafanane ndi malume awo. Amayi muwagwire dzanja m'malo mwanga. Muwauze kuti ndanenepa, masaya ali uku ndi uku, ndipo mukubwera kuno kudzangodya nawo nkhuku.

Galimoto ikalephereka, bwerani nokha pa basi. Loweruka ine ndidzaseketsa anthu ngati kale, mudzi wonse udzagwira nthiti, zimenezo musakayike. Ndikungofuna pagululo pakhale munthu mmodzi amene sakuseka, amene akundiyang'ana kumaso.

Ndine mlongo wanu,
Bester