Chingwe chimene Mzime analowetsa

Amayi okondedwa,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino. Kodi miyendo ija yasiya kutupa? Musandinamize kuti muli gwa pamene mukuyendera ndodo. Ine m'thupi ndili bwino, koma mtima suli m'malo, ndipo nkhani yake ikukhudza Mzime wanu.

Paja inu mumangoti ntchito yanga ndi yokoka zingwe. Lero ndikufotokozereni pang'ono kuti mumvetse chimene chachitika. Kuntchito kwathu kompyuta iliyonse ili ndi chingwe chakechake chopita ku kabokosi kamodzi kotchedwa switchi, kamene kamakhala m'kachipinda kokhoma pafupi ndi masitepe. Kompyuta iliyonse ilinso ndi adiresi yake, choncho kabokosiko kakalandira uthenga kamaupereka kwa mwiniwake. Makinawa ali ndi malamulo olankhulirana, ndipo ife okonza tilinso ndi athu. Lina mwa athuwo ndi lakuti chingwe chisachoke m'kabokosi n'kubwereranso m'kabokosi komweko. Zikatero uthenga umangozungulira n'kumachulukana mpaka makina onse atsamwa.

Lachitatu m'mawa zinachitika zimenezo. Ofesi yonse inaima. Olandira maoda anangogwira m'chiuno, magalimoto a katundu anandanda pageti, abwana akungoyendayenda foni ili kukhutu. Ndinakhetsa thukuta mpaka masana ndisanapeze chingwe chimodzi chobiriwira, mitu yake yonse iwiri ili m'kabokosi.

Chingwecho ndinachisiya ndine dzulo lake, mutu umodzi uli m'kabokosi, winawo ukulendewera, poti ndimati ndidzamalize m'mawa. Kiyi wa kachipindako tili naye anthu awiri, ine ndi wosesa. Wosesayo ndiye Mzime, amene ndinachita kugwadira abwana kuti amulembe ntchito.

Nditamufunsa kunyumba sanakane. Anati anaona chingwe chikukhudza pansi, bowo lopanda kanthu lili pomwepo pakabokosi, ndiye anachilowetsa kuti pakhale paudongo. Anandikumbutsanso mmene inu munkatikalipirira tikasiya chingwe choyanikira zovala chikukwawa m'dothi. Ndinafuna kuseka, ndinafunanso kumukwapula ndi tsache lake lomwelo. Munatiphunzitsa ndinu, Amayi, ndipo mwana anamva.

Abwana akuti Lolemba akufuna dzina la munthu amene anachita zimenezi. Kuno wosesa akalakwa sapatsidwa chenjezo, amangomuuza kuti asabwerenso. Ine mwina angondilembera kalata yondichenjeza, koma sindikunama, mantha ndili nawo, chifukwa kontrakiti yanga ikutha mwezi uno ndipo yatsopano sanasainebe. Komabe ndaganiza zokanena kuti mlanduwu ndi wanga. Si bodza ayi. Chingwe ndinasiya ndine, ndipo mabowo osagwira ntchito ndinayenera kuwatseka. Wosesa angadziwe bwanji zimene palibe anamuuzapo?

Mzime akukana. Akuti sangadye ntchito ya mkulu wake, akaulula yekha kenako akwera basi yobwera kwanuko. Zovala walongedza kale m'chikwama, ndipo sakudya bwino. Chikwamacho ndachikhomera m'kabati, kiyi ndikuyenda naye m'thumba, moti m'nyumba muno sitikulankhulana.

Pempho langa ndi limodzi. Muimbireni foni Lamlungu lisanathe, mumuuze kuti Lolemba akasese, atseke pakamwa, zinazo andisiyire. Ine sandimvera, akuti ndimadzimva chifukwa ndinapita kusukulu ya makina. Koma inu mukanena amamvera, mpaka kukakonza zingwe za eni.

Mupereke moni kwa Bambo, koma musawauze kaye, mukudziwa mtima wawo suchedwa kuthamanga. Moni kwa azakhali, amalume, achimwene ndi alamu anga, ndiponso ana onse. Mukamapemphera Lamlungu mutitchule tonse awiri, poti sindikudziwa kuti Lachiwiri adzadzukire kuntchito ndi ndani.

Ndine mwana wanu wachisamba,
Wazingwe