Foni inalira pa manda akale

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joni kumeneko pamodzi ndi alamu. Kuno ana ali bwino, koma ine mtima suli m'malo.

Sabata yatha ndinanyamulira katundu alendo awiri okwera mapiri a Senga. Abwana a ku loji komwe ndimagwira ntchito anandipatsa imodzi mwa mafoni am'manja abwerawa, yoti tiimbire pa ngozi ngati ya alendowo yafa. Batire analichotsa, nati ndilisunge m'thumba la malaya kuti lisathe moto.

Masana alendowo anakhoma tenti pansi pa mitengo ikuluikulu. Ndinawauza kuti mitengo yosadulidwa chonchi ndi manda akale, koma anaseka, ati mthunzi wake ngwabwino. Ndikusonkha moto, foni ija inalira m'chikwama, batire lili m'thumba mwanga. Nditaiika kukhutu ndinamva munthu wokalamba akuti, "Inu, mwalowa bwanji osaodira?"

Alendowo akuti sanamve kanthu. Abwana akuti ndi malungo, ndipo Loweruka ndipitenso komweko. Ndikakana, ntchito yatha.

Achimwene, ndiyankheni msanga. Kodi ndikapepese ndi ufa, kapena ndikauze abusa? Muzindipempherera, ndipo Mulungu akusungeni.

Ine mng'ono wanu,
Yohane