Mlatho Wayamba Kubweza Zobwereka

Lachiwiri, 9 Sepitembala

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno tikudzuka ndithu. Ndasankha pepala m'malo mwa foni chifukwa ndimakudziwani: ndikangotchula mawu oti "bambo", netiweki ya kwanuko imayamba kuvuta pomwepo. Pepala ndiye silidulika. Khalani pansi muwerenge mpaka kumapeto, ngakhale nkhani yake ikuyambira kwa ometa tsitsi.

Paja kashopu kanga kosokera kali khoma limodzi ndi ometa, ndipo khomalo ndi la matabwa, munthu akayetsemula uko ine ndimamva kuno. Kabuku katsopano ka Mlatho kakangotuluka, Loweruka lotsatira ometawo amazimitsa makina masana, n'kuitana anzawo. Mukanawaona, achimwene! Anthu akuluakulu, ena a imvi, mitsempha ili njo m'khosi, kukanganirana munthu wa m'zithunzi. Ndikunena Mlatho yemwe uja wa bambo, ngwazi yotalika msana, imene imagona pakati pa nyumba yoyaka ndi inzake kuti anthu athawire pa iyo. Munkati ndi zachibwana, koma ndi zimene zinatiphunzitsa sukulu tonse awiri.

Anthuwa sadziwa kuti ndine mwana wa wolemba wake. Bambo amangosaina "Mlembi" pachikuto, ndipo nkhope yawo sinatulukepo paliponse. Ena m'gululi amati Mlembi ndi anthu angapo, ena amati anamwalira kale, akulemba ndi wina. Ine ndimangopalasa makina anga n'kumaseka chamumtima.

Loweruka lapitali sindinaseke. Anandipatsa ntchito yosoka chinsalu chokondwerera zaka makumi anayi za Mlatho, ndiye nditakapereka anandikakamiza kukhala pampando wometera. Tsikulo anali pa mlandu waukulu, woweruza ntchito yonse ya Mlembi kuyambira pachiyambi.

Ometa ndiwo anayamba, chipeso chili m'manja ngati ndodo ya wotsogolera kwaya. "Zaka zoyambirira zija, amayi, ndiye kunali kulemba! Mlatho akalandira chibakera, iwe umamva kuwawa m'nthiti mwako. Zapanozi bola kuwerenga kapepala ka m'bokosi la mankhwala."

Pali mayi wina wa pashopu ya mafoni, amamutcha Namagalasi, pakamwa pake ndi lumo. "Tisanamizane," anatero, "Mlembi wakalamba, cholembera chauma. Nkhani ya sitima yomira waibwereza kangati? Apume basi, asiyire ena."

Ndinatsala pang'ono kumufunsa ngati iye analembapo ngakhale kalata yopempha ntchito, koma ndinaluma lilime.

Ndiye pali Aphunzitsi, bambo wopuma pantchito, amene amasunga timabuku tonse m'mapulasitiki ndipo salola munthu kutigwira asanasambe m'manja. Iwo salankhula mokweza. "Inu mumawerenga zibakera zokha," anatero. "Mlembi analemba zenizeni pakati apa, Wogulitsa Maluwa, wokondedwa wa Mlatho uja, atamwalira. Mukukumbuka tsamba lija Mlatho akutsuka makapu awiri, kenako n'kubwezera imodzi m'kabati? Munthu sangapeke zimenezo. Ameneyu anaferedwa, ndikukuuzani."

Achimwene, makapu amenewo mukuwadziwa, adakali m'kabati muja. Ndinayang'ana pansi, pa tsitsi lometedwa, kuti asandione m'maso.

Kenako Aphunzitsi anatchula chinthu chimene onse m'chipindamo amachidziwa, kupatula ine, mwana wake wa Mlembi. Akuti pa zaka zonsezi bambo sanaphepo munthu m'nkhani zawo adakali ndi chinthu cha eni. Munthu akayandikira imfa, amayamba kaye kubweza zobwereka, mwakachetechete, m'timabokosi ta m'mphepete mwa tsamba timene owerenga mothamanga amangodumpha. Mkulu wa apolisi anabweza tochi. Ngakhale chigawenga chija Dzimbiri chinabweza ambulera kwa mwininyumba. Wogulitsa Maluwa anabweza ndowa kwa woyandikana naye, akuseka, ali bwinobwino, ndipo patapita miyezi yochepa anamuika m'manda.

Aphunzitsi anatulutsa kabuku ka ndowako kuti ndione. Ndinayang'ana mwezi wake pachikuto. Nthawi imeneyo amayi anali akupitabe kumsika okha, akutikalipira za nsapato pakhomo, ife tisakudziwa kanthu. Ndipo ndakumbukira tsopano kuti mwezi womwewo amayi anandituma kukabweza mbale ndi mapoto a eni amene anakhalitsa m'khitchini mwathu. Dokotala anali atawauza kale bambo ndi amayi. Inu munachoka chifukwa bambo anatibisira matenda a amayi mpaka kutatsala masiku. Munalondola, anatibisira. Koma anali atalengeza kwa aliyense wogula kabuku, kungoti ana awo sitinkawerenga.

"Tsopano taonani ka mwezi uno," anatero Aphunzitsi.

Anatsegula pang'onopang'ono, akuloza ndi chala chosakhudza pepala. Wobweza zinthu ulendo uno ndi Mlatho mwini wake. Pa tsamba lina akupereka makwerero kwa kalipentala. Pa tsamba lina akusiya sizasi pa tebulo la telala. Pa kabokosi komaliza waima pakhomo lotseka, jekete lili pamkono, ndipo kamtambo ka mawu kali pamwamba pa mutu wake mulibe mawu alionse.

"Jekete limeneli silinaonekepo m'nkhani yonse," anatero Namagalasi. "Mwini wake ndani? Mwaona, wayamba kuiwala."

"Ameneyu saiwala," anayankha Aphunzitsi.

Ometa anayesa kuseka. "Aaa, ndi machenjera a osindikiza awa. Amupha chaka chino, chaka chamawa amudzutsa, ife n'kuthamangiranso kukagula."

"Munamuonapo Mlembi akudzutsa wakufa?" anafunsa Aphunzitsi.

Namagalasi anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta ndi bulauzi, kuwapukutabe, ngakhale anali oyera. Kenako ananena motsitsa kuti, "Ine ndimamunyoza kuti mwina angamve n'kundiyankha ndi nkhani yabwino. Ndinaphunzirira kuwerenga pa munthu ameneyu." Ndinamukhululukira pomwepo.

Ndiye ometa anatembenukira kwa ine. "Atelala, inu ndi a nsalu. Jeketeli mukuliona bwanji?"

Ndikanati chiyani? Bambo akamalembera wojambula zithunzi samusiyira kanthu koti aganize yekha, amamuuza ngakhale mtundu wa batani. Pachigongono cha kumanzere pali chigamba, ndipo chigamba chimenecho ndinasoka ndine, ndidakali wophunzira, mzere wake wokhota. Ndi jekete lanu, achimwene, labuluu lija. Tsiku la maliro a amayi kunagwa mvula, bambo akunjenjemera kumanda, inu munalivula n'kuwafunditsa. Madzulo ake munakangana, m'mawa mwake munanyamuka ndi shati yokha. Ndinangowauza anthuwo kuti lasokedwa bwino, n'kutuluka.

Paja amati wakutsina khutu ndi mnansi. Anthu osawadziwa bambo ngakhale nkhope anandionetsa zimene ine wowaphikira ndinkangozipenya osaziona. Mwezi watha bambo ananyamula okha makwerero aja a oyandikana nawo, amene anakhala kuseri kwa nyumba mpaka eni ake anagula ena. Anafika nawo akupuma mwawefuwefu, ine n'kumawaseka kuti ayamba kupemphera. Sizasi yanga yaikulu, imene anaibwereka kalekale kuti azidulira mapepala, ndinaipeza m'mawa wina pa tebulo langa, yonoledwa. Mathalauza awo ndawachepetsa m'chiuno, sipanapite nthawi ndawachepetsanso, ndipo lamba anamuboola okha ndi msomali. Akamatsokomola amalowa m'bafa n'kutsegula mpopi kuti ndisamve. M'mawa wina amati akupita ku laibulale, koma amabwera opanda buku, kathonje katamatidwa pamkono. Ndikafunsa amati udzudzu.

Lamulungu nditachoka kutchalitchi ndinalowa m'chipinda chawo cholembera. Mukuikumbukira tebulo lija, limene amayi ankati ngakhale mbuzi itagona pamenepo sungaione? Linali loyera, achimwene. Mapepala onse omangidwa ndi zingwe, zolembera zili m'kapu, thabwa lake likuoneka. Chibadwire sindinalionepo thabwa la tebulo limenelo, ndipo linandiopsa kuposa chifuwa chawo.

"Bambo, Mlatho afa?" ndinafunsa.

"Ukagule kabuku ka mwezi wamawa ngati anzako," anatero, osatembenuka.

"Nanga inu mukudwala chiyani?"

"Ukalamba si matenda, mwanawe."

Anadzuka atagwira m'mphepete mwa tebulo, n'kutsegula kabati. Jekete lanu linali pamenepo, lochapidwa, lositidwa, lopindidwa bwino. Anandipatsa ndi manja awiri. "Ukamutumizire mchimwene wako. Ndalisunga nthawi yaitali, ndi la eni."

Manja anga anakana kulilandira. "Abwere adzatenge okha," ndinatero.

Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anamwetulira pang'ono, kumwetulira kwa munthu wogwidwa. "Wayamba kucheza ndi owerenga," anatero. Analiika pamiyendo panga n'kukhalanso pansi. "Osindikiza akufuna gawo lotsatira mwezi uno usanathe. Munthu sangaime pakhomo mpaka kalekale, mwanawe, miyendo imatopa."

Ine ndinakalirira kukhitchini. Ndikuopa, achimwene. Ndikunena poyera, ndikuopa kwambiri. Dzina la matendawo sindikulidziwa, nthawi imene dokotala wawapatsa sindikuidziwa, ndipo sadzandiuza, mukuwadziwa. Chimene ndikudziwa n'chakuti m'nyumba muno simunatsale chinthu cha eni china chilichonse. Ndafufuza m'makabati monse, ngakhale supuni yachilendo mulibe.

Choncho jeketelo sindinatumize, ndipo sinditumiza. Ndalibisa kushopu, pansi pa nsalu za makasitomala. Dzulo ndi lero m'mawa andifunsa ngati lapita, ine n'kumati mawa, basi ya katundu sinabwere. Iwo amangogwedeza mutu, akudziwa kuti ndikunama. Mukhoza kundiseka kuti mlongo wanu wapenga, wayamba kukhulupirira malamulo a m'timabuku ta zithunzi. Sekani, palibe kanthu. Koma munthu ameneyu sanaphwanyepo lamulo lake ngakhale kamodzi, ndipo ine ndilibe mankhwala ena oti ndiwapatse.

Sindikukupemphani kuti muiwale za amayi. Inenso zimandiwawa, ndipo chiwerengere kabuku ka ndowa kaja zikundiwawa mwatsopano. Koma ulendo uja munati mukanadziwa msanga mukanabwera. Ulendo uno mwadziwa. Musadikire tchuthi cha ana, musadikire kuti iwo ayambe kupepesa, pakamwa pawo sipadziwa njira imeneyo. Kupepesa kwawo ndi kamtambo kopanda mawu kaja, pakhomo lanu, pamaso pa owerenga onse. Zengerezu adalinda kwawukwawu, achimwene.

Gulu lija linamaliza mlandu wake ine nditachoka, ndinamvera pakhoma. Sanagwirizane kuti zaka zabwino ndi ziti. Anangogwirizana kuti chinsalu chokondwerera chija asachipachike kaye mpaka aone kabuku kotsatira. Chili chopindidwa pamwamba pa kabati ya ometa.

Mundiperekere moni kwa alamu, muwauze kuti diresi lawo ndinamaliza, adzaliyese okha kuno. Ana muwapsompsonere, makamaka wamng'onoyo amene agogo ake sanamunyamulepo. Ometa akupereka moni ngakhale sakudziwani. Bambo sakudziwa kuti ndalemba, choncho moni wawo sindinganame kuti apereka, koma dzulo ndinawapeza akukonza loko wa chipinda chanu chakale, amene anawonongeka inu musanachoke.

Mukafika ndidzalitulutsa jeketelo n'kulibwezera m'kabati mwawo, chifukwa adzafuna kukupatsani ndi manja awo. Apa ndiye mundimvetse bwino. Mudzawapatse moni, mudzakhale nawo pansi, mudzakangane nawo ngati mukufuna. Koma akadzatambasula manja kukupatsani, chonde, achimwene, musadzalilandire. Mudzawafunditse ngati tsiku lija, muwauze kuti abwerekebe, kunja kukuzizira.

Ndine mlongo wanu wokukondani, amene akuyang'ana kumsewu,

Telala