Mayi wa ku Mauvuni a Njerwa

Lahore
9 Novembala 2022

Okondedwa achimwene Tauqeer,

Ndikhulupirira kuti msana uja ukupezako bwino ku Sharjah konko. Ine m'thupi ndili bwino. Ndalemba kalata chifukwa izi si zokamba pafoni.

Ndiyambe ndi kuulula. Bambo akudziwa kuti ndikuphunzira zachuma, koma ndinazisiya chaka chatha. Pakoleji pano amatilola kulawa maphunziro osiyanasiyana tisanasankhe, ndiye ine ndinalawa mbiri ya anthu wamba m'kalasi ya Mayi Nighat, osabwererakonso ku manambala.

Teremu ino anatituma kuti aliyense akajambule mawu a munthu wachikulire. Ine ndinapita ku mauvuni a njerwa kufupi ndi Kasur. Kumeneko mayi wina woumba njerwa anandisimbira za mwana wake amene anakangana ndi mwini uvuni zaka zisanu zapitazo, natengedwa pagalimoto, osaonekanso. Mayiyo anatchulanso dzina la mwini uvuniyo. Mayi Nighat anatiikira mawuwo m'kalasi kuti tonse timve. Sitinadziwe kuti mphwake wa mwiniyo amakhala mzere wachiwiri.

Patangotha sabata, Mayi Nighat anasiya kubwera. Pachitseko pawo pamatidwa pepala loti phunzirolo layamba laima. Foni yawo ndi yozima mpaka lero.

Lolemba wamkulu wa maphunziro anandiitana. Anandithirira tiyi ndi manja ake, nandiuza kuti ndasankhidwa kukaphunzira miyezi isanu ku Istanbul, mwayi umene anzanga amalimbirana chaka chonse. Achimwene, ine sindinafunsireko n'komwe. Pakona panali patakhala bambo wina wandevu zofiira, amene sanandiuze kuti ndi ndani.

"Mwanawe, ungotipatsa zimene unajambulazo tikusungire, pamodzi ndi dzina la mayiyo," anatero wamkuluyo, maso ali pakapu.

Ndinayankha kuti ndinafufuta, dzinanso ndinaiwala. Wandevu uja anaseka chapansipansi, kenako nati:

"Palibe kanthu. Bambo ako akadali ndi sitolo ya nsalu ija ku Sahiwal? Yoyang'anana ndi mzikiti ija?"

Za ku Istanbul ndakana, ngakhale ndinalira m'bafa ngati mwana. Dzina la mayi uja sindinaiwale, ndipo ngakhale muno sindilemba. Mnzanga Zarmina akuti ndine wouma mutu kuposa bulu wokoka njerwa. Wasiya kukhala nane podyera, komabe wavomera kukaponya kalatayi kwawo ku Peshawar.

Chonde muwaimbire Bambo, muwauze azitseka sitolo dzuwa lisanalowe. Chifukwa chake mupeke nokha, inu amakumverani. Akabwera alendo ofunsa za ine, anene kuti mwana wawo amaphunzira zachuma. Sadzakhala akunama, n'zimene akudziwa.

Mundiperekere moni kwa alamu Rubina, ndipo kakhandako mukapsompsone m'malo mwanga. Ndizikutumizirani moni Lachisanu lililonse tikatuluka ku mapemphero. Likadzadutsa Lachisanu osamva kanthu, musadikire lina, muyambe kundifunafuna.

Ine mlongo wanu,
Mehwish