Mwana wa Esinati wayamba kuyamwa

Okondedwa achemwali,

Muli bwanji ku Joniko? Kuno ku esiteti tilipo, kungoti miyendo ya amayi ikuvutabe.

Esinati wanga anachira, mwana wamkazi, koma wosakwana masiku. Atatuluka kuchipatala, kamwanako kanasiya kuyamwa. Ine ndinali kothyola tiyi pamene mayi Namaona, azaumoyo oyendera makanda, anafika panjinga mvula ili mkati. Poweruka ndinapeza atakamangirira pachifuwa pa mayi wake, akukamwetsa mkaka wofinya ndi supuni.

"Musalire, agogo," anatero. "Kakatenthedwa kayamwa. Mawa ndibweranso."

Anabweradi, tsiku ndi tsiku sabata yathunthu. Lero kakuyamwa kokha, achemwali, mpaka kulira mokweza!

Chonde mutitumizire kabulangete, ndi nsalu imodzi yabwino yoti tikawathokozere mayiwa. Mulungu akusungeni kumeneko.

Ine mng'ono wanu,
Fanesi